Anthu Atatu Amene Kunalibe

Lamlungu, 3 Novembala

…ndiye nditamaliza kuwamanga zitenje m'maso onse awiri, ndinakwera pampando n'kukuwa kuti aliyense aime kumbuyo kwa munthu wake. Magalasi a holo ananjenjemera. Sindikuwonjezera, mzungu wina amene amadutsa panja ndi galu anagwetsa ambulera, galu n'kuthawira ku Leeds.

Cholembera chinandithera pamenepa dzulo. Ichi ndatenga m'thumba la yunifolomu ya mkazi wanga Matilda. Akachifuna ndikana.

Ndiyambe bwino. Dzulo kunali chisankho cha wapampando wa bungwe lathu la Amalawi a kuno ku Bradford. Ulendo watha tinavota ndi mapepala, zinathera m'manyazi. Anthu tinalipo 70, mapepala m'katoni 83, mpaka ena ankati avota ndi abale athu a ku Ntcheu kudzera pa foni. Ndiye a Bester anati chaka chino tichite zakwathu, ngati mapulaimale. Opikisana amangidwe m'maso kuti asaone amene wawathawa, anthu afole kumbuyo kwawo, munthu mmodzi awerenge mokweza akugwira phewa la aliyense. Zonse poyera.

Munthu mmodziyo ndani? Ine, Thompson. A Komishonala. Akuti anandisankha chifukwa pakamwa panga sipafuna maikolofoni. Ine ndikuti anandisankha chifukwa cha masamu. Sitandade 8 sindinamalize, inde, koma ku Balaka ndinkawerenga mbuzi za amalume zikuthamanga, kufumbi, osaphonya ngakhale kamwana.

Opikisana anali awiri. A Bester, amene akhala pampandowo zaka zisanu ndi chimodzi, ndi Mayi Dorcas, sisitala wamkulu wa ku wodi kumene Matilda amagwira. Mayi amenewa samandikonda. Amanditchula kuti a Wailesi, akuti chifukwa palibe amene anapeza pozimitsira. Ndinawamanga chitenje mothina pang'ono, ndivomere.

Zotsatira: a Bester 46, Mayi Dorcas 44. Nthungululu, kuvina, wina mpaka anagwetsa ketulo. Mayi Dorcas anavula chitenje, n'kukagwira chanza a Bester, nkhope ili gwaa ngati apatsidwa kwinini. Koma anavomera. Mtendere.

Loweruka likudzali kuli mwambo wolonga wapampando. Ine ndikasaina pepala lotsimikiza chiwerengero, Ali mlembi wathu akalipereke ku khonsolo, kuti adziwe wotiyankhulira pa nkhani za holo ndi zina. Siginecha yanga ikakhala m'mafailo a Angerezi mpaka kalekale.

Foni ndinaiimika pawindo kuti ijambule zonse. Nditumiza kumudzi akaone kuti mwana wa Nasibeko ku Ulaya akuchititsa zisankho.

Miyendo ikuwawa. Mawa shifiti ya 7.

Lolemba, 4 Novembala

Lero ndakankha mabedi osachepera 900. Foni ikuti ndayenda mtunda umene ukanandifikitsa pa Zalewa. Chikepe chimodzi chinafa, ndiye odwala onse a pamwamba timazungulira nawo mbali ya kukhitchini. Ntchito ya upota anthu amaiderera, koma chipatala chija ine nditangodwala sabata imodzi chikhoza kutsekedwa.

Pobwerera m'basi ndinati ndidzionere ndekha pa vidiyo ndisanatumize. Suti ikukhala bwino. Mawu ngati a pa wailesi enieni, Mayi Dorcas apse mtima. Ndikuyenda mumzere wa a Bester, phewa ndi phewa, 29, 30, 31. Wa 31 anali amake Miracle, atavala chijasi chawo chija chofika m'zidendene. Ndinaima. Ndinafunsa anthu ngati chijasicho chiwerengedwe pachokha, popeza mkatimo mukhoza kubisala banja lonse ndi alendo. Holo yonse inagwa nako kuseka. Ine ndinawonjezera zina, ndinagwada n'kusuzumira kunsi kwa chijasi ngati ndikufuna anthu obisala. Amake Miracle anandimenya ndi chikwama. Kenako ndinadzuka, n'kugwira phewa lotsatira.

Ndinati 35.

Ndinabweza. 31, chijasi, kuseka, 35.

Ndinabwezanso. Ndinaimitsa chithunzi, n'kuyamba kuwerenga mitu ndi chala pagalasi. Foni inali pamalo abwino, mizere yonse iwiri ikuoneka kuyambira kutsogolo mpaka kukhoma. Mzere wa Mayi Dorcas 44, ndendende, uko sindinasereule ndi munthu. Mzere wa a Bester 43.

Ndinapitirira siteji yanga. Ndinatsikira pafupi ndi paki, n'kubwerera wapansi mvula ikundiwaza. Matilda anafunsa kuti ndanyowa bwanji chonchi, ndinati basi inaphulika tayala.

Lachiwiri, 5 Novembala

Madzulo onse ano kukuphulika makombola a chikondwerero cha Angerezi chija, ngati nkhondo. Agalu a m'laini muno akulira. Ine ndaonera vidiyo ka 14. Ndayesa ndi magalasi a Matilda. Ndayesa foni itazondoka. 43.

Anthu 87 m'holo, aliyense ali ndi makutu awiri, palibe ndi mmodzi yemwe amene anamva. Onse anali kalikiliki kuseka za ine.

Achimwene atumiza uthenga kuchokera ku Balaka kuti vidiyo ija ili kuti. Ndawayankha kuti netiweki ya ku Ulaya yavuta.

Lachitatu, 6 Novembala

Pa nthawi ya tiyi ndinamuuza Kangwa, mnzanga wa ku Zambia amene timakankha naye mabedi. Ndinati ndili ndi mnzanga wina ku Salford, anachititsa chisankho cha kwaya, ndiye analumpha manambala mwangozi. Kangwa anandimvetsera akudya sangweji yake, kenako anafunsa ngati mnzanga wa ku Salford uja amavalanso suti yabuluu ndi kuyankhula kwambiri.

Anati, "Ba Tomo, fafanizani chabe. Ndani azaziba? Boluza banavomela kudala."

Ndinamuuza kuti ndi zimene ndikuganiza inenso. Ndipo ndi zoona. Chala ndachiika kale pa kabini kofufutira maulendo angapo. Palibe amene wadandaula. Palibe amene akufufuza. Mayi Dorcas sakudziwa, ndipo akadziwa sadzandigulira ngakhale Fanta. Adzangoti ndinanena ine.

Ndiye pali a Bester. Kangwa sawadziwa, ndinachita kumufotokozera. Titangofika kuno ndi Matilda, nyumba imene anatilonjeza inapezeka kuti muli kale anthu ena. Tinaima pa siteshoni ndi masutikesi anayi ndi mwana, mwezi wa Januwale, ine nditavala shati ya manja aafupi ngati ndikupita ku Mangochi. Anabwera kudzatitenga ndi bambo amene sitinkawadziwa n'komwe, anangomva kutchalitchi kuti kuli Amalawi asowa kolowera. Miyezi isanu ndi iwiri m'nyumba mwawo. Jasi yanga yoyamba inali yawo. Kalata yondipezera ntchito ino analemba ndi iwo, ananama momwemo kuti ndine munthu wofatsa. Mpaka lero amanditchula kuti Tomo mng'ono wanga.

Akazi awo, a Nachisale, anatisiya mu Febuluwale. Ana ali ku London ndi ku Canada. Ntchito yoyendetsa basi anapuma. Chimene chimawadzutsa m'mawa n'kuwamangitsa tayi ndi bungwe limeneli basi. Kuyimbira anthu, kukaona odwala, kukakangana ndi a khonsolo za holo.

Kangwa atamva zonsezi anangoti ndiye nkhani yatha, palibenso chofunsa. Anandipatsa theka la sangweji. Sindinaimve kukoma.

Masana ndinatenga gogo wina wachizungu kupita naye kojambula. M'chikepe ndinapezeka ndikuwerenga mokweza, wani, thu, fili. Gogo uja anandiyamikira kuti ndimadziwa kuwerenga. Ndikanamusiya pomwepo.

Lachinayi, 7 Novembala

Ofu. Ndinati ndigone mpaka masana, maso anatseguka 5 koloko ngati mlonda.

Ndinapita kwa a Bester ndi foni m'thumba, mawu nditakonza kale m'basi. Mawu abwino kwambiri, akanawamva a ku Nyumba ya Malamulo akanandilemba ntchito. Ndinawapeza akusita shati. Nyumba yonse kununkhira polishi. Pa tebulo mapepala anayi a zimene adzayankhule Loweruka, olembedwa pamanja, mwina mofufutafufuta. Anandikhazika pansi, tiyi, mabisiketi, n'kuyamba kundiwerengera. Akufuna kalasi ya Chichewa ya ana Loweruka lililonse, popeza ana athu tikawafunsa kuti wadzuka bwanji amatiyankha kuti fine. Akufuna galimoto yotengera okalamba kutchalitchi. Pa tsamba lachitatu pali dzina langa. Akundithokoza kuti ndinachititsa chisankho choyera koposa m'mbiri ya bungwe.

Anati usiku wa chisankho anaima pa chithunzi cha a Nachisale n'kuwauza kuti anthu akundifunabe.

Ine ndinadya mabisiketi asanu ndi limodzi. Ndinawauza nkhani ya galu wothawira ku Leeds, anaseka mpaka kutsokomola. Ndinatsanzika. Foni sinatuluke m'thumba.

Madzulo Matilda anandipeza nditakhala pa masitepe ndi nsapato imodzi. Anati, bambo a Luso, masiku anayi tsopano simunaname bodza lililonse lalikulu, mukudwala chiyani? Ndinangomupatsa foni. Anaonera kamodzi kokha, iye ndi wa masamu enieni, a madontho a diripi. Anakhala pansi pambali panga ndi jasi yake yomwe.

Poyamba anakalipa. Akuti ntchito imodzi yokha, kuwerenga anthu oima chilili, osathamanga ngati mbuzi za amalume, koma ine mpaka kugwada pansi pa chijasi cha mkazi wa mwini. Akuti ukayenda siya phazi, ine ndimasiya mlomo paliponse. Zonsezo ndinavomera.

Kenako anayamba kuwerengera zimene zitichitikire. Iye anaima kumbuyo kwa a Bester, anthu onse anamuona. Ndikaulula, a mbali ya a Bester adzati Matilda watuma mwamuna wake kuti Mayi Dorcas azimupatsa mashifiti abwino. A mbali ya Mayi Dorcas adzati ndinaba dala, ndaulula chifukwa cha mantha. Kutchalitchi tizikhala benchi yathuyathu. Ndipo munthu amene anatitola pa siteshoni tidzakhala tamuvula pagulu.

Ndinamufunsa kuti ndiye nditani. Anati iye sanali Komishonala. Ananyamuka kukatenthetsa chakudya. Kukhitchiniko anafunsa kuti pepala lija likuti chiyani kwenikweni. Ndinamuuza kuti likuti ine wosaina pansipa ndikutsimikiza kuti chiwerengero ichi n'choona. Ndinangomva maikulowevu ikulira.

Lachisanu, 8 Novembala

Ndinaweruka 3 koloko, molunjika kwa a Bester, ndisanasinthe maganizo. Kunja kunali kutayamba kale kuda, dziko lino dzuwa limagwira hafu dei.

Tiyi ndinakana. Ndinati achimwene, pali chimene muone. Anavala magalasi. Pa chijasi paja anaseka, popeza tsiku lija anali omangidwa m'maso, anangomva phokoso. Kenako 35. Sanamve. Ndinachita kubweza n'kuwalozera. Ndinawerenga nawo mitu ndi chala, mmodzimmodzi.

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Anafunsa kuti waona ndani. Ndinati Matilda yekha. Kangwa sindinamutchule, ndi wa ku Zambia, sawerengedwa.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anayankhula pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa munthu kuyendetsa basi. Akuti bungwe lili pa mtendere koyamba m'zaka zinayi. Akuti Mayi Dorcas ndi munthu wa ntchito, inde, koma sadziwa kupepesa anthu, pofika Isitala theka la mamembala lidzakhala litachoka. Akuti palibe anaba, panangochitika ngozi, ndipo ngozi zina Mulungu amazilola. Akuti zaka ziwiri si zambiri, akamaliza adzawasiyira okha mpandowo ndi manja awiri.

Zonse zimene ananena ndi zoona. Ndi pamene pakupweteka. Za siteshoni sanatchule, za jasi sanatchule. Anangoyang'ana ku chithunzi kamodzi.

Ndinati nanga pepala lija ndikasaina bwanji.

Anati, "Tomo, ine ndinali womangidwa m'maso. Sindinawerenge munthu. Unawerenga ndiwe, unalengeza ndiwe. Mawa ukachite zimene ukuona."

Anandiperekeza mpaka pageti ngati masiku onse. Anandikonza kolala ya jasi, akuti ndikuyenda ngati wothawa kundende.

M'basi ndinatsegula foni, chala pa kabini paja. Ndinayesa kuganiza kuti ndikuopa ndani. Mulungu ali ndi milandu yaikulu kuposa ya holo ya ku Bradford. Matilda sadzandiulula. A khonsolo pepalalo akangoliponya m'kabati, satidziwa n'komwe kuti Malawi ili mbali iti. Palibe amene akundithamangitsa. Kungoti 43 si 46. Ndayesa njira zonse kuti ikhale 46, ine amene ndimatha kusandutsa mabedi 30 kukhala 900, koma iyi yokha ikukana. Mabedi aja sapweteka munthu. Apa pali anthu 44 amene anasiya mashifiti, ena anakwera mabasi awiri, n'kuima poyera a Bester akuwadziwa mawu ndi mafungo omwe. Ine n'kuwaonjezera a Bester anthu atatu a mumpweya chifukwa ndimafuna anthu aseke.

Ndatopa ngati ndasenza chipatala chonse pamutu.

Loweruka, 9 Novembala

Zachitika.

Holo inadzaza kuposa tsiku la chisankho, popeza lero kunali chakudya. Mpunga, nkhuku, mandasi a amake Miracle, zakumwa m'mabafa. A Bester mu suti yakuda, duwa pachifuwa, mapepala anayi aja m'manja. Atandiona pakhomo anandigwedezera mutu ngati dzulo kunalibe. Mayi Dorcas anakhala kumbuyo ndi gulu lawo, manja atapinda.

Pemphero. Nyimbo ya fuko, ndime yoyamba yokha popeza yachiwiri timangong'ung'udza. Kenako Ali anaitana a Komishonala kuti adzasaine. Pepala pa tebulo. Ndinasisita m'matumba, cholembera ndaiwala. A Bester anasolola chawo m'thumba la jekete n'kundipatsa.

Ndinachigwira. Ndinachiika pa tebulo. Ndinapempha Ali kuti alumikize foni yanga ku TV ya pakhoma.

Ndinayankhula ngati loya wa ku Khoti Lalikulu. Chabwino, mawu anatuluka aang'ono, mpaka wina kumbuyo anakuwa kuti a Wailesi mabatire atha. Ndinati abale, ndinalakwitsa kuwerenga, onerani nokha.

Chimene sindidzaiwala ndi ichi: pa chijasi paja anasekanso. Holo yonse, kachiwiri, ngati akuona koyamba. Ine nditaima pamenepo ngati mbuzi ya pa chinkhoswe. Ali ndi amene anamva. Anabweza yekha, n'kukweza mawu. 31. 35. Kuseka kunazima ngati wina watseka mpopi.

Ali anaimitsa chithunzi, anthu atatu anapita pa TV kukawerenga mitu, mmodzi wa mbali iyi, mmodzi wa mbali iyo, ndi abusa. Onse 43.

Ndiye phokoso. Wina anati ndagulidwa. Wina anati ndinaba dala, chikumbumtima chandigwira. Wina anafunsa kuti vidiyo ya munthu mmodzi ndi umboni wanji, masiku ano makompyuta amatha kuchotsa anthu. Amake Miracle anayamba kulira kuti chijasi chawo chalowa bwanji m'ndale, anachigula pa selo. Mlamu wa a Bester anandiloza chala n'kunena kuti galu ukamudyetsa amakuluma ndi mano omwe wamulimbitsa. Matilda anangokhala, maso pa mbale.

Mayi Dorcas anaimirira. Ndinati mwina pano pabwera kamawu kabwino. Anati akuthokoza Mulungu kuti choonadi chaoneka, ndipo ulendo wina bungwe lizisankha owerenga amene anafikako ku sekondale. Basi. Anakhala pansi.

A mbali ya a Bester akuti chisankho chibwerezedwe. A mbali inayo akuti chibwerezedwe chifukwa chiyani, wopambana akuoneka pa TV. Abusa anati komiti ikumane sabata ya mawa, aliyense apite kwawo akapemphere. Chakudya anthu anachita kulongedza m'makontena, osayang'anana.

Koma a Bester ndi munthu wamkulu. Asanatuluke anabwera pamene ndinaima, anandigwira chanza mwamphamvu anthu onse akuona, n'kunena kuti Tomo, wachita zachimuna. Ndiye enawo alankhule zimene akufuna.

Pepala sindinasaine. Msana ukuwawa ngati ndagona pa njanji.

Lamlungu, 10 Novembala

Kutchalitchi benchi yathu inali ndi malo okwana timu ya mpira ndi ma rizevu omwe. Pa nthawi yopatsana moni wa mtendere ndinalandira manja atatu, limodzi la Matilda.

Gulupu ya pa foni ikuyaka. Mauthenga 400 ndisanadye kadzutsa, ndipo apa sindikuwonjezera, ndawerenga bwinobwino. Wina wadula vidiyo ija, wangosiya pamene ndagwada pansi pa chijasi, waikamo nyimbo. Yafika kale ku Manchester. Luso wayimba kuchokera ku yunivesite kufunsa ngati ndine ine. Ku Balaka nakonso yafika, achimwene akuti netiweki ya ku Ulaya yachira.

A Bester sanabwere kutchalitchi. Ndayimba kawiri, ikungoitana.

Lolemba, 11 Novembala

Mabedi. Chikepe chija sanakonzebe. Kangwa wandigulira tiyi, akuti ku Zambia munthu ngati ine amamuika pa ndalama ya pepala kapena amamuponya m'Kafue, zimatengera tsiku.

Ndinakumana ndi Mayi Dorcas m'khonde la ku wodi, ine ndikukankha mpando wopanda munthu. Anati a Thompson, odwala a bedi 12 akudikira kuyambira kale. A Thompson. Mwina ndiko kuthokoza kwawo. Matilda amuika Khirisimasi ndi Nyuwere zonse pa ntchito, ndiye amene amati tagulidwa abwere adzaone malipiro ake.

Ndawayimbiranso a Bester. Ikungoitana.

Lachiwiri, 12 Novembala

Ndikulowa masana lero, ndiye m'mawa ndinali pakhomo. Cha m'ma 10 ndinamva kachitseko ka makalata kakulira, chinthu cholemera n'kugwa pa kapeti. Envelopu yakhaki. Mkati kiyi wa holo, chidindo cha bungwe, ndi kapepala.

"Kwa a Komishonala. Chisankho chisabwerezedwe. Izi mukapereke kwa wapampando. B."

Ndinatsegula chitseko ndi masokosi okha. A Bester anali atafika kale pakona, chipewa kumutu, akuyenda msangamsanga ngati basi ikuwathawa. Kuchoka kwawo kufika kuno ndi mabasi awiri. Ndinakuwa kuti achimwene. Mawu anga onse aja, amene amagwedeza magalasi. Mayi wa nyumba yoyang'anana nafe anasuzumira pawindo. Iwo sanacheuke.

Ndayimbira Ali, akuti abweretsa pepala latsopano Lachinayi, la 44 ndi 43, ndidzasaine. Kiyi ndi chidindo zili pa tebulo apa. Ndikazipereka ku wodi ndikamalowa, Mayi Dorcas akandiuze kuti ndachedwa nazo.

Zija ndinalemba Loweruka, zoti anandigwira chanza n'kunena kuti ndachita zachimuna, ndinapeka. Anabweradi pamene ndinaima. Ine ndinatambasula dzanja. Iwo anatola cholembera chawo pa tebulo, n'kuchibweza m'thumba, n'kutuluka.